Nthenda Yobisala M'mafupa ndi Mbiri ya Kayezedwe Kake

 Nkhani yathu lero ndi ya mbiri, koma si mbiri ya mafumu kapena ya nkhondo ayi. Ndi mbiri ya funso limodzi limene dokotala wina adafunsa mnzake m'chaka cha 1845. Padapita zaka 117 kuti yankho lake lipezeke, ndipo padapitanso zaka zina 39 kuti yankholo lisanduke njira yoyezera magazi. Njira imeneyi a zachipatala amaitcha free light chain test, ndipo imathandiza kuzindikira khansa ya mafuta a m'mafupa yotchedwa multiple myeloma pamodzi ndi matenda ena a mtundu wake. Mwina mayinawa akukulemerani m'makutu. Dekhani, tiwamasula limodzi pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'zaka za m'ma 1840, pamene Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, ankakhazika malonda ake a minyanga ndi akapolo pa Nkhotakota, mumzinda wa London mudali bambo wina wamalonda, munthu wolemekezeka wa zaka 45, amene madokotala ake ankangomulemba kuti Bambo M. Mu Sepitembala 1844, ali kutchuthi, bamboyu adalumpha potuluka m'phanga lina, ndipo nthawi yomweyo adamva ngati kanthu kathyoka m'chifuwa mwake. Adagona pomwepo kwa kanthawi, osatha kudzuka chifukwa cha ululu. Madokotala adamchiza monga ankachizira masiku amenewo: adamchotsa magazi pamkono, adamlumika, namuika misundu kuti imuyamwe. Inde, omvera, kulumika sikudali kwa makolo athu okha. Azungu a ku London nawonso ankalumika, kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankalumika ndi tikapu tagalasi pamene kuno ankalumika ndi nyanga.

Ululuwo unkapita n'kubweranso. Dr Thomas Watson adampatsa kwinini ndi mankhwala owonjezera magazi, ndipo adapezako bwino mwakuti adapita ku Scotland kukakwera zitunda ndi anzake. Koma pofika mu Okutobala 1845 adali chigonere, wowonda, akubuula ndi ululu m'chifuwa, mumsana ndi m'chiuno. Padalinso chinthu china chachilendo: mkodzo wake ukagwera pa chovala, chovalacho chinkauma gwaa, ngati chaviikidwa m'phala. Apa Watson adaitana mnzake, Dr William Macintyre, kuti adzamuthandize nzeru, ndipo Macintyre adatenga mkodzowo nauika pamoto.

Kutenthetsa mkodzo sikudali kwachilendo. Madokotala ankadziwa kale kuti mkodzo wa munthu wodwala impso umachita mbuu ukatenthedwa, chifukwa umakhala ndi puloteni wotchedwa albumin, wofanana ndi zoyera za dzira. Tsono mayi aliyense amadziwa kuti dzira likapsa lapsa, silibwereranso kukhala lamadzi. Koma za mumkodzo wa Bambo M. zidakana lamulo limeneli. Zinkagwirana, moto ukawonjezeka n'kusungunuka, zikazizira n'kugwirananso. Tangoganizani dzira limene mwaphika mpaka lalimba, mukasonkhezera nkhuni lisungunuka, mukaphula mphika lilimbanso! Pa 1 Novembala 1845 Watson adatumiza kabotolo ka mkodzowo kwa Henry Bence Jones, dokotala wa zaka 31 wa pa chipatala cha St George's amene ankadziwika ndi luso lofufuza za m'madzi a m'thupi. Kakalata kamene kadapita ndi kabotoloko kadafotokoza zodabwitsazo, ndipo kadatha ndi kufunsa kuti chimenechi chingakhale chiyani.

Wodwalayo adamwalira pa 1 Januwale 1846. Atang'amba mtembo wake adapeza nthiti zofewa mwakuti mpeni unkangolowa ngati m'dzungu, ndipo m'kati mwa mafupa mudali zinthu zofiira, zotelera. John Dalrymple, amene adali katswiri wa maso, adaziyang'ana pa maikulosikopu najambula maselo obulungira amene adadzaza m'mafupamo. Bence Jones adawerengera kuti munthuyo ankataya magalamu oposa 60 a puloteni wachilendoyo tsiku lililonse, ndipo adasindikiza zimene adapeza mu 1847 ndi mu 1848. Macintyre adachedwa, adasindikiza zake mu 1850. Motero dzina lidapita kwa wofulumira kulemba, ndipo mpaka lero dziko lonse limati puloteni wa Bence Jones. Ine ndimaona kuti pamenepa mbiri idamlakwira Macintyre, poti amene adayamba kuika kabotolo pamoto ndi iye. Ndiponso Bence Jones adaphonya poganiza kuti chinthucho ndi mtundu chabe wa albumin. Komabe pali chimodzi chimene adanena molondola: adalangiza madokotala kuti akakumana ndi munthu wofewa mafupa, aziyamba ayang'ana mumkodzo.

Bence Jones adamwalira mu Epulo 1873, patangotsala masiku owerengeka kuti David Livingstone amwalire kwa Chitambo. Livingstone, amene nayenso adali dokotala, adafika pa Nkhotakota mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mkuyu umene umakumbutsa za kukumana kwake ndi Jumbe uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Chaka chomwecho cha 1873 dokotala wina, von Rustizky, adapatsa nthendayi dzina loti multiple myeloma, kutanthauza zotupa zambiri za m'mafuta a m'mafupa. Mu 1889 Otto Kahler wa ku Prague adafotokoza za dokotala mnzake amene adavutika nayo zaka 8, nasonyeza kuti kuthyoka kwa mafupa ndi puloteni wa mumkodzo zimayendera limodzi. Mu 1900 James Homer Wright wa ku Boston adazindikira kuti maselo odzaza m'mafupa aja ndi amene amatchedwa plasma cells.

Nanga kuno kunyanja zidali bwanji m'zaka zimenezo? A mishoni ya UMCA adakhazikika pa Nkhotakota mu 1894, ndipo Dr Robert Howard, amene adafika ku Likoma mu 1899, adayala maziko a ntchito ya zipatala za mishoniyo m'mbali mwa nyanja. Kayezedwe ka Macintyre kadali kotheka ngakhale m'kachipinda ka mankhwala ka pa mishoni, pakuti kankangofuna kabotolo, nyali ndi maso. Koma khomo la chipatala linkadzaza ndi zilonda, malungo, kamwazi, khate ndi likodzo, ndipo myeloma ndi nthenda ya okalamba, pamene ofika pa ukalamba adali ochepa. Ngakhale pa nthawi ya ufulu mu 1964, mwana wobadwa m'dziko muno ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 40. Padalinso vuto lina la ife eni nyanja. Munthu wa likodzo amataya magazi ndi albumin mumkodzo, ndipo mkodzo wotere ukautenthetsa umachita mbuu osayeranso. Chizindikiro cha Bence Jones chimabisala kuseri kwa mtambo umenewo. Chomwecho kayezedwe kotchipa kaja kadali kovuta kuwerenga kumalo kumene likodzo lidali la pafupifupi mwana aliyense wosambira m'nyanja.

Tsopano ndiloleni ndivale malaya auphunzitsi kwa kanthawi, chifukwa popanda kumvetsa za m'thupi, mbiri yotsalayi ikhala phokoso chabe. M'kati mwa mafupa muli mafuta, ndipo m'mafuta amenewo ndi momwe magazi amapangidwa. M'menemo mumakhalanso ma plasma cells aja, amene tingawayerekeze ndi amisiri osula zitsulo. Ntchito yawo ndi kusula zida zomenyera tizilombo toyambitsa matenda, zida zimene a chipatala amati ma antibody. Mmisiri aliyense amasula chida cha mtundu umodzi wokha: uyu cholasira chikuku, uyo cholasira malungo, winayo cholasira kafumbata. Chida chilichonse chimaoneka ngati mphanda, ndipo chimalukidwa ndi maunyolo anayi, awiri olemera ndi awiri opepuka. Mmisiri sasula zokwanira ndendende ayi. Timaunyolo topepuka amasula topitirira, ndipo totsalato timangoyandama m'magazi patokha, topanda mnzake. Timeneti ndiye ma free light chains, timaunyolo topepuka toyenda patokha.

Mu myeloma, mmisiri mmodzi amachita misala. Amabereka ana osawerengeka, onse osula chida chimodzimodzi chopanda ntchito, usana ndi usiku, mvukuto osapuma. Amalanda malo a opanga magazi, motero munthu amachepa magazi. Amapondereza amisiri abwino, motero munthu amadwaladwala. Amachititsanso kuti fupa lidyeke ngati mtengo wofumbwa, mpaka lithyoke pa ntchito yaing'ono monga kunyamula dengu la usipa.

Kuti anthu adziwe zimenezi padafunika mibadwo. Mu 1922 Bayne-Jones ndi Wilson adaona kuti puloteni wa Bence Jones ali m'magulu awiri. Mu 1956 Leonard Korngold ndi Rose Lipari, ku New York, adasonyeza kuti magulu awiriwo ndi achibale a zida za m'magazi. Ndipo pofuna kuwalemekeza, maguluwo adapatsidwa mayina a zilembo za Chigiriki zoyambira mayina awo, kappa ndi lambda. Kenaka mu 1962 Gerald Edelman ndi Joseph Gally adamasula chida cha m'magazi a wodwala myeloma, napatula timaunyolo take topepuka, ndipo adapeza kuti n'tofanana ndi puloteni wa mumkodzo wa munthu yemweyo. Pamoto tinkachitanso chimodzimodzi. Funso la Watson lidayankhidwa. Edelman adalandira mphoto ya Nobel mu 1972 pamodzi ndi Rodney Porter wa ku England, chifukwa cha ntchito yawo yovundukula kapangidwe ka zida zimenezi.

Pa nthawi yomweyo nyanja yathu idalowa m'mabuku a khansa kudzera pa khomo lina, ndipo ndikuitchula nkhaniyi chifukwa itithandiza patsogolo. Chakumapeto kwa 1961 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wa ku Mulago ku Kampala, adayenda pa galimoto ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, ulendo wa makilomita pafupifupi 16,000 m'milungu 10, kufunsa m'zipatala zoposa 50 za khansa yotupitsa nsagwada za ana. M'dziko muno, limene pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, adapeza kuti ana odwalawo ankachokera m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, osati kumapiri kozizira. Patapita zaka zidadziwika kuti malungo obwerezabwereza, pamodzi ndi kachilombo ka Epstein-Barr kamene kadapezeka mu 1964, ndi amene amatakasa maselo mpaka ena kusokonekera. Maselo a khansa ya Burkitt ndi a banja limodzi ndi amisiri athu aja. Ndi ana amene akadakula akadakhala osula zida. Phunziro lake lidali lakuti m'thupi la munthu wa kunyanja chipala sichizima moto, chifukwa adani sasiya kubwera.

Tibwerere ku kayezedwe. Mu 1937 Arne Tiselius wa ku Sweden adakonza njira yolekanitsa mapuloteni a m'magazi ndi mphamvu ya magetsi, ndipo posakhalitsa madokotala adaona kuti magazi a wodwala myeloma amaonetsa mulu umodzi wautali, wosongoka ngati chulu, umene ndi chida chimodzi chija chochulukitsa. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero. Koma pa odwala 100 alionse, pafupifupi 15 kapena 20 amisiri awo sasula chida chathunthu, amangosula timaunyolo topepuka tokhatokha. Ndipo timeneti sitiunjikana m'magazi mokwanira kupanga chulu. Kwa anthu otere, dokotala ankabwerera ku mkodzo.

Kodi mkodzo uli ndi vuto lanji? Asodzi andimva msanga pamenepa. Impso ili ngati ukonde. Mukatchera matchera a chambo, chambo chimakodwa koma usipa umapyola m'maso mwa ukondewo. Momwemonso zida zathunthu ndi albumin zimatsala m'magazi, pamene timaunyolo topepuka timapyola. Komatu kuseri kwa ukonde woyambawo kuli timachubu tating'onoting'ono timene ntchito yake ndi kutola zonse zopyola, kuziphwanya ndi kubweza zofunika m'thupi. Munthu wabwinobwino amapanga timaunyolo totere tokwana theka la galamu pa tsiku, pamene impso zake zingathe kutola magalamu 10 mpaka 30. Taonani kusiyana kwake! Ndiye kuti nthenda ikhoza kukula kwa miyezi ndi miyezi, timaunyolo tikuchuluka m'magazi, koma mkodzo uli woyera, popeza impso zikutolabe. Pamene tiyamba kuoneka mumkodzo, ndiye kuti otolawo alemedwa kale. Ndipo zikafika poipa, timaunyolo timagwirana ndi puloteni wina wa m'timachubumo n'kutseka njira, monga zinyalala zitsekera ngalande ya m'munda wa mpunga. Wodwala mmodzi mwa 5 alionse, mwinanso kuposa apo, amafika kwa dokotala impso zitayamba kale kufooka.

Pali chinanso chimene chimandidabwitsa m'mbiri imeneyi. M'zaka za m'ma 1950 kudabwera timapepala toviika mumkodzo, timene timasintha mtundu mukakhala puloteni. N'tachangu, n'taukhondo, ndipo tidalowa m'malo mwa nyali ndi kabotolo m'zipatala za dziko lonse lapansi, kuphatikizapo zathu. Koma timapepala timeneti timaona albumin, pamene timaunyolo ta Bence Jones timatiphonya. Motero chida chatsopano chidakhala chakhungu pa chinthu chimene moto wa Macintyre udaona mu 1845. Kapepala kakhoza kunena kuti zonse zili bwino pamene impso za munthu zikutsekeka. Njira yodalirika ya mkodzo imafuna kuti wodwala asunge mkodzo wake wonse wa maola 24 m'chigubu, ndipo aliyense amene adakwerapo minibasi ya ku Salima m'mwezi wa Okutobala angathe kuganiza yekha za ulendo wa gogo wothyoka msana atafungatira chigubu chotero.

Chimene chinkafunika ndi kuwerenga timaunyoloto m'magazi momwemo, tisanafike ku impso. Vuto lake lidali lakuti m'magazi muli timaunyolo topepuka tochuluka kwambiri tomangiriridwa ku zida zathunthu, ndipo toyenda patokha n'tochepa zedi poyerekeza. Mungawerenge bwanji tomasukato osasokoneza ndi tomangidwa? Yankho lidachokera ku Birmingham, ku England, kwa Arthur Bradwell ndi anzake a kampani ya The Binding Site, ndipo adalisindikiza mu 2001. Nzeru yawo mlimi aimvetsa. Khasu likakhala mumpini, pali mbali ina ya chitsulo imene simungaione chifukwa yalowa mumtengo. Mumaiona pokhapokha khasulo litaguluka. Nakonso kaunyolo kopepuka kali ndi nkhope ina imene imabisika kakamangiriridwa ku unyolo wolemera. Bradwell adabaya nkhosa ndi timaunyolo ta anthu, nkhosazo zidasula zida zake zolimbana nato, ndipo mwa zida zimenezo adasankhamo zokhazo zimene zimagwira nkhope yobisika ija. Mukathira zida za nkhosazi m'madzi a magazi a munthu, zimagwira makasu oguluka okhaokha n'kupanga kamtambo, ndipo makina amayeza kamtamboko ndi kuwala. Dzina la malonda la mankhwala oyezerawa ndi Freelite.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife a kunyanja. Makinawo amatulutsa manambala awiri, ya kappa ndi ya lambda, koma chimene dokotala amayang'anitsitsa ndi kulingana kwake, ngati mbale ziwiri za sikelo. Mukagawa kappa ndi lambda, mwa munthu wabwino yankho limagwera pakati pa 0.26 ndi 1.65. Munthu akakhala ndi malungo, likodzo, chifuwa chachikulu kapena kachilombo ka HIV, amisiri onse a m'mudzi amakhala pa ntchito, osula kappa ndi osula lambda omwe. Manambala onse awiri amakwera, koma sikelo siipendekeka kwambiri. Pamene mmisiri mmodzi wachita misala, iye ndi ana ake onse amasula mtundu umodzi wokha, kappa yekha kapena lambda yekha, ndipo mbale imodzi imagunda pansi. Kusiyanitsa kumeneku, pakati pa khamu la amisiri olimbikira ndi banja limodzi lopenga, adakufotokoza bwino Jan Waldenström wa ku Sweden mu 1961. Ku Ulaya ndi nkhani ya m'kalasi. Kuno, kumene zida zochuluka m'magazi si chinthu chachilendo, ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku, chifukwa dokotala wongoona kuti mapuloteni akwera sangadziwe ngati akuyang'ana khansa kapena zipsera za malungo a zaka 60.

Kayezedwe kameneka kali ndi phindu linanso. Theka la timaunyolo toyenda patokha limachoka m'magazi pa maola 2 mpaka 6, pamene chida chathunthu cha mtundu wofala kwambiri chimatenga milungu 3. Choncho mankhwala akayamba kugwira, dokotala amaona nambala ikutsika m'masiku ochepa, osadikira miyezi. Kamathandizanso pa nthenda ina yotchedwa amyloidosis, imene timaunyolo timakaunjikana mumtima, m'lilime kapena mu impso. Mu 2014 bungwe la akatswiri la International Myeloma Working Group lidagamula kuti ngati mbale imodzi yaposa inzake ka 100 kapena kupitirira, ndipo m'mafuta a m'mafupa mwapezeka maselo openga okwana 10 pa 100 alionse, munthuyo ayambe kulandira mankhwala ngakhale fupa lisanathyoke. Kwa zaka zoposa 160 madokotala ankadikira kuti nthenda iwononge kaye. Apa adaloledwa kuitsekera kukhomo.

Ndisakunamizeni kuti sikeloyi ndi mlauli. Payokha siigamula mlandu. Pafunikabe kujambula mafupa ndi kutenga mafuta a m'fupa la m'chiuno kukawaona pa maikulosikopu. Impso zikafooka pa zifukwa zina, monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi, sikelo imapendekeka pang'ono, mwakuti mu 2008 ofufuza a ku Birmingham adaika malire ena a odwala impso, kuyambira 0.37 mpaka 3.1. Ndiponso alipo okalamba ambiri amene ali ndi kabanja kakang'ono ka amisiri openga koma kosachita chipongwe. Robert Kyle wa ku Mayo Clinic adatcha mkhalidwe umenewu MGUS mu 1978, ndipo mwa anthu 100 otere, ndi mmodzi yekha pa chaka amene amadwaladi khansa. Enawo amakalamba n'kumwalira ndi zina. Kuwauza onsewo kuti ali ndi khansa kungakhale kuwaphera mtima pachabe.

Kodi nthendayi ndi ya Azungu? Ayi ndithu. Ku America anthu akuda amadwala myeloma kawiri kuposa oyera. Ena ankati mwina n'chifukwa cha umphawi kapena zakudya za kumeneko, mpaka mu 2007 pamene Ola Landgren ndi anzake adasindikiza zimene adapeza atayeza amuna 917 a zaka 50 mpaka 74 mumzinda wa Accra ku Ghana. Pafupifupi 6 mwa 100 alionse adali ndi MGUS, kawiri kuposa amuna oyera a ku Minnesota. Onjezani pamenepo kuti Amalawi tsopano tikukalamba: chiyambire kugawidwa kwaulere kwa ma ARV mu 2004, zaka zimene mwana wobadwa kuno amayembekezeka kukhala zakwera kuchoka m'ma 40 kufika kupyola 60. Agogo akachuluka, matenda a agogo nawonso amachuluka, ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

Nthendayi kuno ili ndi pobisala pambiri. Bambo wa zaka 60 amene wapalasa bwato moyo wake wonse akadandaula msana, timati ndi nkhafi. Mayi akadandaula chiuno, timati ndi kuwerama m'dimba la mpunga kapena kusinja chinangwa cha kondowole. Akachepa magazi timati malungo. Msana ukapindika timati chifuwa chachikulu cha m'mafupa, ndipo kawirikawiri timakhala tikulondola, poti matenda amenewo ndiwo ofala, pamene myeloma ndi ya apo ndi apo. Choopsa chili pa zimene wodwala amachita podikira. Amagula Brufen, Indocid kapena diclofenac pa golosale n'kumamwa tsiku ndi tsiku, mwina ali padzuwa osamwa madzi okwanira. Kwa munthu amene impso zake zalemedwa kale ndi timaunyolo, mankhwala opha ululu a mtundu umenewu ali ngati kuponya mwala m'bwato lodzaza. Impso zikaima, makina otsuka magazi ali kutali, ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Tsono munthu wachikulire amene msana ukumuwawa kwa miyezi, usiku womwe, uku akuchepa magazi, akuwonda, akudwaladwala, kapena wathyoka fupa popanda kugwa kwenikweni, ayenera kukanena zonsezi pamodzi kuchipatala, osati chimodzichimodzi pa maulendo osiyana. Ngakhale pa chipatala cha boma laling'ono pali zimene zingaoneke: maselo ofiira a magazi osanjikizana ngati makobidi pa maikulosikopu, ndi timabowo tobulungira pa chithunzi cha chigaza.

Kudziwa msanga kuli ndi phindu chifukwa mankhwala alipo, ngakhale kuti kawirikawiri sachiza kotheratu. Mpaka 1958 padalibe chogwira; chaka chimenecho kudabwera melphalan, amene pamodzi ndi prednisone ankapatsa wodwala zaka ngati 3. Mu 1999 madokotala a ku Arkansas adasonyeza kuti thalidomide, mankhwala omwe aja amene adalumaza makanda zikwizikwi asanaletsedwe mu 1961, amagwetsa myeloma. Ndipo mu 2003 kudabwera bortezomib. Lero m'mayiko olemera odwala oposa theka amapyola zaka 5. Kwa wodwala wa ku Nkhotakota njira yake ndi ya makilomita pafupifupi 200, kudzera ku Salima kukafika ku Kamuzu Central, kumene labotale yoyeza zotupa idatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi a University of North Carolina. Mankhwala oyezera timaunyolo ndi ogula kunja ndi ndalama zakunja, amafuna furiji yosazima ndi makina a labotale yaikulu. Koma ubwino wake ndi wakuti woyenda ulendowo akhoza kukhala magazi, osati mwini wake. Kabotolo kakang'ono kosungidwa pozizira kamakwana m'bokosi la njinga zamoto zija zimene zimanyamula kale magazi a anthu omwa ma ARV ndi makhololo oyeza chifuwa chachikulu kuchokera m'zipatala za kumidzi.

Chatsala ndi sikelo yeniyeniyo. Malire aja a 0.26 ndi 1.65 adachokera kuti? Adawakhazika Jerry Katzmann ndi anzake ku Mayo Clinic mu 2002, atayeza anthu athanzi 282 a ku Minnesota, dera la chisanu kumene kulibe malungo ngakhale likodzo. Anthu a ku Iceland, Azungu anzawo, sadakhutire nawo. Kuyambira 2016 adaitana nzika zawo zonse za zaka 40 ndi kuposerapo, ndipo oposa 75,000 adapereka magazi. Zotsatira zake zidasonyeza kuti malire akalewo ankaloza chala anthu ambiri opanda nthenda, makamaka okalamba ndi ofooka impso, motero adakonza malire atsopano. Ngati sikelo ya ku Minnesota idafunika kuikonza kuti iyeze bwino munthu wa ku Reykjavik, ine sindikhulupirira kuti ingayeze msodzi wa pa Chia popanda kuiyesa kaye pa anthu a kwawo. Ndipo anthu 282 si ambiri. Ife amene tidagwirako choko tikudziwa sukulu za pulaimale za m'mbali mwa nyanja zimene Sitandade 1 yokha imaposa nambala imeneyo. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa mu 2003, limalandira magazi a anthu athanzi zikwizikwi chaka chilichonse, koma ambiri mwa iwo ndi achinyamata a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, pamene sikelo imeneyi imasintha ndi msinkhu wa munthu ndi mphamvu ya impso zake. Ofuna kuikonza adzayenera kutsika ndi mabotolo awo kumadooko ndi kumadimba, kukapempha mkono kwa agogo amene akusoka maukonde pamthunzi.